Galimoto ya Chitengwa

Lolemba

M'mawa. Sabata ija yafika! Loweruka likubwerali ndikukapempha chitengwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pa chikamwini kwawo kwa Esime, kuseri kwa Lirangwe, kulima munda wa eni, kufolera denga la eni, ngakhale kutsokomola ndimatsokomola mwaulemu. Zakwana. Ndikufuna mkazi wanga ndi ana pakhomo panga.

Nyumba ya kuno ku Chileka yatha. Chabwino, siinathe kwenikweni, koma zitseko zilipo zisanu ndi chimodzi ndipo chilichonse chili ndi loko wake. Pakati pa sabata ndimagonamo ndekha chifukwa cha ntchito ya m'sitolo ya zipangizo zomangira, Loweruka n'kukwera minibasi kukakhalanso mlendo.

Chaka chatha ndinapemphanso. A Makwinja, amalume ake a Esime, amene mawu awo ndiwo amatseka nkhani pabanja paja, anangofunsa funso limodzi: "Ku Chileka n'kutali. Mayi ake akadwala, kapena kuno kukagwa zovuta, mwana wathu adzafika pa chiyani?" Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Chaka chino yankho ndili nalo. Lili panja pansi pa mtengo, la matayala anayi, loyera (kale linali loyera). Ndi yakale, inde. Amene anandigulitsa anati anaigula asanamere imvi, ndipo mutu wawo lero uli mbuu. Kumudzi palibe akudziwa, Esime yekha.

Dongosolo:
1. Kutsuka galimoto.
2. Kugula nkhuku yathazi ndi khasu latsopano, zokapereka kwa amalume.
3. Kukumbutsa a Chikopa, nkhoswe yanga, kuti avale jekete.
4. Loweruka kukafika pakhomo pa apongozi mwakachetechete, kuzimitsa injini, kutsika mosafulumira, makiyi akulendewera pachala. Osachulutsa zonena. Galimoto ikalankhule yokha.

Masana. Ndikupotoza kiyi. Zii. Ndikupotozanso. Timagetsi ta kutsogolo kwa chiwongolero tikuyaka, tikuphethira, tikuzima. Kachitatu ndikumukankhira mkati, ndikumupendeketsa kumanzere, ndikugwedeza pang'ono. Yalira! Palibe vuto. Galimoto zakale zimafuna kunyengerera.

Madzulo. Esime pafoni. Wamaliza kusoka makatani a nyumba yatsopanoyi, wawabisa pansi m'sutikesi kuti mayi ake asawaone. "Mawindo aja munayeza bwino, bambo a Tadala?" Ndinayeza ndi chingwe, kawiri. Mawindo a kuno ndi aatali, osati timabowo ta kumudzi tija. Akuseka. Ndakondwa zedi.

Lachiwiri

M'mawa. Kunyengerera kwakanika. Kukankha, kupendeketsa, kugwedeza, kupemphera: zii.

Ndi batire basi. Ndaimasula, ndaimanga pa kabaza, ine pambuyo wapansi ngati ndikuperekeza wodwala. Wotchaja mabatire kumsika waipima ndi kachipangizo kake. "Batireyi ndi yamoyo kuposa inuyo, bambo." Mwano wopanda chifukwa. Ndabwerera nayo.

Malangizo amene ndalandira lero osapempha:
- Aneba a kumanzere: thirani madzi otentha pamitu ya batire.
- Aneba a kumanja: gogodani sitata ndi mwala.
- Abwana kusitolo: gulitsani.
- Mayi wogulitsa zitumbuwa: "Pena pake munaiuza kuti ikupita kuchipongozi? Nazonso zimaopa."
- Atelala: dontho limodzi la mafuta a makina osokera pabowo la kiyi.

Ndayesa zonse kupatula za abwana. Za atelala ndazipitiriza, m'malo mwa dontho limodzi ndathira asanu kuti ntchito ikhale yokhalitsa.

Masana. Yalira! Kiyi akuzungulira mofewa ngati supuni m'phala. Atelala ndi munthu wanzeru, ndiwagulira zitumbuwa.

Masana omwewo. Ndikufuna kuzimitsa. Ndapotoza kiyi, injini ikulirabe. Ndazula kiyi, ndamugwira m'manja, ndikumuyang'ana, injini ikulirabe. Ndatsika, ndazungulira galimoto, ndakweranso. Ikulirabe! Dzulo imakana kudzuka, lero ikukana kugona.

Aneba a kumanja akuti ndiisiye mpaka mafuta athe. Mafuta ake amenewa, a masiku ano! Mapeto ake ndaponda buleki, ndalowetsa giya yachinayi, ndasiya kilachi mwadzidzidzi. Yagwedezeka, yatsamwa, yazima. Ndamva chisoni ngati ndaponda mwana wa mbuzi.

Zitumbuwa za atelala ndadya ndekha.

Kutsuka galimoto: mawa.

Lachitatu

Lero ndavomera kuti nkhaniyi yandikulira. Galimoto yakananso kudzuka. Anthu anayi aikankha mpaka kuseri kwa msika, kwa Che Juma, wokonza magetsi a galimoto. Malo ake ndi mthunzi wa mtengo, benchi, ndi chitini chodzaza mafyuzi akufa.

Asanatsegule chilichonse, wandilanda makiyi. Wawakweza m'mwamba, akuwayeza m'dzanja.

Zimene zili pa mkombero wanga wa makiyi:
- kiyi wa galimoto
- makiyi asanu ndi mmodzi a zitseko za nyumba
- ena asanu ndi mmodzi apadera, a zitseko zomwezo
- wa geti (geti sindinaike, koma loko ndinagula)
- chowengera zikhadabo
- chotsegulira mabotolo

"Chimtolo chonsechi chimalendewera pa swichi mukamayenda? M'mabampu a kuno? Swichi mwaipha ndinu, achimwene. Makiyi a nyumba ndi amene aidya."

Makiyi amenewa ndimayenda nawo dala, kuti ndizimva kulemera kwa nyumba yanga m'thumba. Zoterezi sungazifotokoze kwa munthu wa mafyuzi.

Watsegula pansi pa chiwongolero. Mayo ine! Mawaya atuluka ngati chisa cha mbalame. Ofiira olumikizidwa ndi obiriwira, obiriwira ndi waya wa wailesi ya m'nyumba, pena pomangidwa ndi lamba wa chubu cha njinga. Che Juma akuwerenga ndi chala: "Apa panadutsa munthu. Apanso wina. Uyu anali wamanzere. Uyu anali ndi mkwiyo." Akuti aliyense amene anakhalapo ndi galimotoyi anasiyamo dzanja lake, ndipo palibe anachotsa la mnzake.

Wanunkhiza bowo la kiyi. "Munthu uyu ndiye anali telala."

Chigamulo: swichi yatsopano. Aitanitsa ku Limbe kwa mnzake wophwasula galimoto zakufa. Ifika mawa. Ndamuuza za Loweruka, za amalume, za zaka zisanu ndi zinayi. Wagwedeza mutu mwachifundo. Nayenso anakhalapo pa chikamwini, akuti anachokako ndi wailesi yokha.

Madzulo. Esime akufunsa ngati zonse zili bwino. Ndati zonse zili m'malo. Sindinanene malo ake.

Kutsuka galimoto: mawa ndithu.

Lachinayi

M'mawa. Swichi yafika pa minibasi, yokulungidwa m'nyuzipepala. Yokongola! Ili ndi timano tisanu. Yanga ili ndi tisanu ndi kamodzi. Che Juma akuti ina yoyenera ipezeka sabata yamawa, mwina. Sabata yamawa ndidzaichita chiyani ine?

Njira yongoyembekezera: watulutsa mawaya atatu pansi pa chiwongolero. Awiri kuwapota pamodzi, wachitatu kungogunditsa, injini n'kulira. Pozimitsa, kumasula awiri aja. Zophweka. Ndaphunzira kamodzi kokha.

Masana. Ndapita nayo kumsika. Khasu ndagula, lakuthwa, mpini wosalala. Nkhuku ndagula, yathazi, yamawangamawanga, yonenepa bwino. Ndaimanga miyendo, ndaiika kumbuyo. Ndawerama pansi pa chiwongolero, mutu mkati, miyendo kunja, ndikupota mawaya anga.

"Wakubaaa! Akuba galimoto!"

Ndi mayi wina wa tomato. Ndisanadzuke, akabaza andizungulira kale. Wina wandigwira lamba. Ndikuti galimotoyi ndi yanga. "Ngati ndi yanu, kiyi ali kuti?" Ndatulutsa chimtolo chija monyadira. Akuchiyang'ana. "Makiyi onsewa, palibe woliza galimoto? Nanga enawa ndi a nyumba za ndani?" Wina wasuzumira kumbuyo: "Ndi nkhuku yomwe waba!"

Ndaona kale dzina langa likufika ku Lirangwe ine ndisanafike.

Wandipulumutsa ndi Che Juma, amene amadutsa kukagula tepi. Sanayang'ane nkhope yanga n'komwe. Wawerama, wayang'ana mawaya, wadzuka. "Msiyeni. Kapotedwe aka n'kanga." Anthu abalalika mokhumudwa. Mayi wa tomato sanapepese, wangoti ndigule mulu umodzi poti ndaima pamalo pake nthawi yaitali. Ndagula.

Madzulo. Ndamuuza Che Juma mosapita m'mbali: sindingakafike pamaso pa a Makwinja n'kuyamba kuliza galimoto yanga ngati mbava. Munthu wopempha mwana wa eni sagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo kunja. Ndikufuna chodina. Chooneka mwaulemu.

Wati aganiza.

Nkhuku yagona m'chipinda chimene chidzakhale cha Tadala. Yayamba ndiyo kulowa m'nyumbamu banja lisanalowe.

Lachisanu

M'mawa. Magetsi azima dera lonse kuyambira mbandakucha. Foni yatsala kamzere kamodzi. Ndaibaya pa chotchajira cha m'galimoto.

Che Juma ali pa changu. Ikamakwana thwelofu atseka, apita ku mzikiti, akatuluka akwera basi ya ku Mangochi ku ukwati wa mphwake. Abwera Lachiwiri.

Zimene wachita:
1. M'malo mwa mawaya awiri opota aja waika swichi ya magetsi a m'nyumba, yoyera, ya pakhoma. Waimangirira pambali pa chiwongolero. Kudina pansi, galimoto yadzuka. Kudina m'mwamba, yagona.
2. Waya wachitatu, wa sitata, amafuna batani. Batani alibe. M'galimoto monse batani lamoyo ndi limodzi: la hutala. Walumikiza pomwepo.

Ndafunsa ngati hutalayo waichotsa. "Ayi. Galimoto yopanda hutala apolisi akugwirani pamsewu. Zonse zili pamodzi. Mukadina, sitata izungulira, hutala ilira, injini idzuka. Ikadzuka chotsani dzanja msanga, ndipo m'njira musaimbire munthu."

Ndayesa. Piii! Vuuum! Kunena zoona, zandisangalatsa. Galimoto yolengeza yokha kuti ikunyamuka. Ngakhale ndege za pabwalo apa sizichita zimenezi.

3. Chenjezo, akutsuka m'manja: pali waya wina wotayirira amene sanamupeze. Injini ikatsika kwambiri imazima yokha. "Musamayende pang'onopang'ono. Ikazima, dinaninso basi."

Vuto lake lili pati? Ikazima, ndidina. Piii, tapita.

Masana. Ndatsuka galimoto! Chinthu choyamba pa dongosolo chatheka tsiku lachisanu. Pansi pa fumbi ndapeza kuti chitseko chakumbuyo ndi chamtundu wina.

Madzulo. Foni yafa. Chotchajira cha m'galimoto sichimatchaja, chimangotentha. Magetsi sanayake. Esime ayenera kuti wayesa kuimba, koma palibe chatsopano chimene angandiuze. Mawa tionana maso ndi maso.

A Chikopa abwera kudzaonetsa jekete. Yawathina m'mapewa, koma akapanda kupuma kwambiri ikhala.

Loweruka

Ndikulemba nditakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba ya apongozi. Zikhatho zatuluka matuza.

Tinyamuka mochedwa, a Chikopa kutsogolo, nkhuku ndi khasu kumbuyo. Piii! Aneba akutibayibitsa.

Yazima:
- pa Kameza, pozungulira
- pa mabampu a pa Lunzu, kawiri
- kumbuyo kwa ngolo ya ng'ombe

Paliponse ndikudina, piii, tapita. Anthu akutukwana, a Chikopa akuwayankha ndi dzanja ngati phungu.

Pa Lirangwe tisiya tala, tilowa msewu wafumbi wa kumudzi. Ndakonza kolala. Patsala kukhota kumodzi.

Masamba pamsewu.

Nthambi zaziwisi, zoyalidwa kudutsa msewu wonse. Maliro. Wanjinga kutsogolo kwathu watsika, akuikankha. A Chikopa avula chipewa. Pamasamba munthu sathamanga, saliza wailesi, saimba hutala, ngakhale mwana amadziwa. Ndachotsa phazi. Ndikuyenda ngati kamba, ndikuipempha mumtima.

Yazima. Pakati penipeni, pamaso pa siwa, nyumba ya maliro.

Amayi ali kukhonde, amuna pansi pa mitengo, mudzi wonse. Bokosi lili pabwalo. Amene waimirira akulankhula m'malo mwa banja ndi a Makwinja. Omwalira ndi a Lifa, msuweni wawo. Pakati pa amayi ndikumuona Esime, wagwira pakamwa. Ndiye zimene amaimbira dzulo.

Msewu ndi wopapatiza, uku ngalande, uku mpanda, ndipo ndi womwewu wopita kumanda. Galimoto yanga yatseka njira ya bokosi.

A Chikopa, monong'ona: "Musakhudze chinthucho. Chonde musakhudze."

Sindikhudza. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, abwera asanu ndi makasu awo, matope m'miyendo. Mwaulemu ndithu akuti atikankha tichoke panjira. Akukankha. Chiwongolero n'cholimba injini ikazima, ndikulimbana nacho kuti tisagwere m'ngalande, ndikukoka ndi manja onse, chigongono chaterereka.

Piiiiiiii!

Injini yadzuka, galimoto yadumpha, adzukulu awiri agwa chafufumimba. Ndachotsa chigongono. Hutala ikulirabe. Batani lalowa mkati, lakanirira! Ndadina swichi ya pakhoma ija, injini yazima, hutala ikulirabe. Ndikumenya, ndikukoka ndi zikhadabo. Amayi amene amaimba chapansipansi asiya. A Makwinja aima pakati pa mawu, pakamwa pali yasa. Agalu a mudzi wonse alowerera. Nkhuku yadula chingwe, yatulukira pawindo, yathamangira kumene kuli amayi.

Ndatsegula boneti kuti ndichotse waya wa batire. Sipanala ndaisiya ku Chileka, pawindo. Mdzukulu wina wandikankhira pambali, wakweza khasu, kamodzi kokha, kho! Mutu wa batire wathyoka. Zii.

Chete ngati ameneyo sindinamumvepo chibadwire. Ndimafuna nthaka itseguke, ndipo anthu oitsegula anali pomwepo.

Aikankhira pabwalo la apongozi, lomwe lili pafupi. Mlandu sunatalike. Adzukulu agwira nkhuku ija, akuti ndiyo chindapusa cha phokoso pamaliro. Wamkulu wawo waona khasu latsopano kumbuyo, walitulutsa, wandipatsa m'manja. "Poti mwabwera nalo, akamwini, tiyeni."

Ndakwirira nawo manda, nditavala suti. A Chikopa jekete yang'ambika kumsana pogwada kupepesa.

Lamulungu

M'mawa. Kutchalitchi ndakhala benchi yakumbuyo. Potuluka, munthu wina kumbuyo kwanga wangoti "piii" chapansipansi, ndipo amayi a kwaya agwira nsalu pakamwa.

Masana. A Makwinja abwera pakhomo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Azungulira galimoto kamodzi, manja kumbuyo. Asuzumira mkati, ayang'ana swichi ya pakhoma nthawi yaitali. Aidina pansi, aidina m'mwamba. Palibe chachitika.

"Galimoto taiona, akamwini. Ndi kuimva taimva. Funso langa lija mwayankha: zovuta zikagwa mumafikadi."

Ndayang'ana nsapato. Zomwe zija za chaka chatha.

Akuti nkhani ya chitengwa singakambidwe pakhomo pali chisoni. Tidikire. Ndiye mvula ili pafupi, mizere ya m'munda wa apongozi sinaundidwe, ndipo khasu ndabweretsa kale. "Tikakolola tidzakhala pansi."

Tikakolola. Miyezi isanu ndi iwiri, mvula ikagwa bwino.

Mmene zinthu zilili:
- Nkhuku: yadyedwa kumanda.
- Khasu: lili ndi ine.
- A Chikopa: akwera minibasi, jekete m'jumbo, sanatsanzike.
- Che Juma: Lachiwiri, koma akuti kunja kwa Chileka sayenda.
- Galimoto: pansi pa mtengo wa mango wa apongozi, batire yothyoka mutu. Apongozi ayanikapo kale thelele pa boneti. Inabwera kudzanditulutsa, nayonso yalowa chikamwini.
- Makiyi khumi ndi atatu a kunyumba: m'thumba. Akulemera.

Madzulo. Ndimayembekeza kuti Esime andikalipira, kapena alira. Chiyambire dzulo wangonena mawu amodzi, ponditambasulira zikhatho kuti aone matuza: "Foni mumatchaja, bambo a Tadala."

Tsopano ndalowa m'nyumba, ndampeza wakwera pampando. Watulutsa makatani aja m'sutikesi, akupachika limodzi pa kawindo kathu kakang'ono ka kuno. Ndi lalitali kwambiri, likukwekwa pansi. Mtima wandipweteka kuposa dzulo. Ndatenga sizasi pathebulo, ndamupatsa, kuti angodula zithe.

Wayang'ana sizasi, wandiyang'ana ine. Waibwezera pathebulo. Wapinda nsalu yotsalayo m'munsi, kawiri, akuibaya ndi mapini, ena ali pakamwa.

"Sindidula," akutero. "Munayeza bwino."

Mawa minibasi ya sikisi koloko. Loweruka, mizere.